Mathero a O Clone: mwana si mbewu ya chinangwa

Anthu a ku Milange amazidziwa bwino novela za ku Brazil kuposa anansi awo a ku Muloza ndi ku Limbuli, popeza Chipwitikizi cha m'masewerowa n'chomwe ana amaphunzira kusukulu. Zambiri mwa novelazi zimatha mofanana: oipa alangidwa, okondana akwatirana, nthungululu kuti lululu. Koma ilipo imodzi yomwe inasiya anthu kukamwa kuli yasa. Dzina lake ndi O Clone, ndipo mathero ake ali ndi mau kwa banja lililonse lomwe linaikapo mwana m'manda.

Seweroli analemba ndi mai Glória Perez. Linaonetsedwa koyamba pa wailesi ya kanema ya Globo kuyambira mu Okutobala 2001 mpaka mu Juni 2002, m'zigawo 221, ndipo linajambulidwa ku Rio de Janeiro ndi ku Morocco. Nkhani yake ili motere. Mkulu wina wachuma, Leônidas, anali ndi ana amapasa, Lucas ndi Diogo. Diogo anafa pa ngozi ya helikopita akadali mnyamata. Bambo wake wa ubatizo, dotolo wa sayansi dzina lake Albieri, anakanika kuilandira imfayo. Mwakabisira anatenga kachidutswa kosaoneka ndi maso ka thupi la Lucas n'kupanga mluza. Mluzawo anauika m'mimba mwa mai wina, Deusa, yemwe anapita kuchipatala kukafuna thandizo kuti abereke. Maiyo sanauzidwe kanthu. Anabereka mwana wamwamuna, Léo, namulera monga achitira mai aliyense.

Liu lakuti clone lisaopse munthu. Mlimi akadula mtengo wa chinangwa m'tizidutswa n'kubzala, chomeracho chimangobwereza mtengo womwe chadulidwako, popanda njere. N'chimodzimodzinso mphukira ya nthochi, kapena tiyi wamakono wa m'minda ya ku Mulanje yemwe amachulukitsidwa ndi timitengo todula. Pa nyama ntchitoyi ndi yovuta zedi. Mu 1996 akatswiri a ku Roslin Institute ku Scotland anapanga nkhosa yotchedwa Dolly kuchokera ku kachidutswa ka bere la nkhosa ina yaikulu. Mwa mazira 277 omwe anayesera, inabadwa nkhosa imodzi yokha, ndipo inafa mu 2003 itadwala mapapo. Munthu wopangidwa mwanjira imeneyi sanatsimikizikepo mpaka lero. Tsono O Clone ndi nthano, koma funso lomwe ikufunsa ndi lenileni: kodi wakufa angabwezedwe?

Léo atakula, nkhope yake inali ya Diogo ndendende. Anyamata onse atatuwa anasewera ndi munthu mmodzi, Murilo Benício. Tsoka linagona pa nkhope yomweyo. Leônidas atamuona anati mwana wake wauka, mpaka anakamang'ala kukhoti kulimbirana mnyamatayo ndi Deusa. Albieri ankaona mwa iye umboni wa nzeru zake. Lucas, yemwe tsopano anali bambo wamkulu, ankaona unyamata wake womwe unapita kale, ndipo ankaopa kuti mnyamatayo amulanda Jade, mkazi wachisilamu yemwe iye anamukonda moyo wake wonse. Aliyense akayang'ana Léo ankaona munthu wina. Deusa yekha ndiye ankaona mwana wake.

M'chigawo chomaliza Lucas ndi Jade apezananso, monga oonera ankafunira. Koma Léo sapatsidwa ukwati, nyumba kapena mudzi. Albieri alowa m'chipululu cha mchenga ku Morocco, Léo amulondola pambuyo, awiriwo n'kuzimiririka. Sewero lathera pomwepo, osanena ngati anafa kapena anapulumuka. Wina anganene kuti wolemba anasowa pothera. Ayi ndithu. Mnyamata wobadwira kudzatseka dzenje la munthu wina analibe poima pakepake, ndipo wolembayo anakana kunamiza anthu kuti zonse zatha bwino.

Nkhani imeneyi siili kutali ndi phiri la Tumbine. Mu 1986, nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo itafika m'tauni ya Milange, anthu anaoloka mtsinje wa Muloza kuthawira ku Malawi, dziko lomwe linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, koma mabanja ambiri anabwerera operewera. Ena anasiya manda ku misasa ya othawa nkhondo, ena mpaka lero sadziwa komwe mwana wawo anagwera. Pambuyo pake Edzi nayo inatenga ake. Ana ambiri obadwa m'zaka zimenezo anapatsidwa maina a omwe anapitawo.

Mwambo wotcha mwana dzina la malemu ndi wabwino. Umasunga mbiri ya mtundu, ndipo gogo akamaitana dzinalo pabwalo mtima wake umakhala pansi. Vuto limayamba pomwe mwanayo asanduka Léo wa pamudzi. Akalephera masamu, amamuuza kuti mwini dzinali anali wanzeru. Akafuna kukaphunzira umakaniko ku Mocuba, amamuuza kuti mwini dzinali sankachoka pakhomo pa mai ake. Mtsikana wamasiye amamuyeza ndi malemu mai ake pa kaphikidwe, kayendedwe, ngakhale kasekedwe. Mwana wotere amakula akupikisana ndi munthu wa kumanda, ndipo mpikisano umenewu sangapambane, pakuti wakufa salakwanso.

Chinangwa chomwe chija chili ndi phunziro. Timitengo tiwiri todulidwa pa mtengo umodzi, kena n'kubzala m'nthaka yachonde ya m'munsi mwa phiri, kena pa mchenga, sitibereka mofanana. Nanga kuli bwanji munthu, yemwe amaumbidwa ndi bere lomwe anayamwa, chaka chomwe anabadwa, anzake osewera nawo ndi njala yomwe anaiona? Amapasa ofanana nkhope amasiyana mtima, ndipo mai aliyense wolera amapasa akhoza kuchitira umboni. Albieri ndi nzeru zake zonse anatha kubwereza nkhope, koma Diogo sanabwerere. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Choncho inu agogo, amalume ndi azakhali, maliro lirani mpaka mtima uphwe, manda lambulani, dzina mpatseni mwana ngati mwafuna. Koma mukamuitana iye n'kuyankha kuti "Wawa," dziwani kuti wayankhayo ndi munthu watsopano, wa mtima wakewake. Tsiku lina mukhazikeni pansi, mumufunse chomwe iye akufuna kudzakhala, ndipo yankho lake mulimvere mpaka kumapeto. Mwana wa kuno wosafunsidwa funso limeneli sasowera m'mchenga wa ku Morocco monga Léo. Amangodzuka m'mamawa, n'kukwera chapa ya ku Quelimane kapena minibasi ya ku Blantyre, osabwereranso.