Kuona Maso a Nkhono N'kudekha: Za Khanda Lodzimbidwa ndi Madzi a M'botolo



Akuluakulu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ikamva mgugu imabweza tinyanga take m'chigoba, kotero kuti wofuna kuiona maso ayenera kukhala pansi, kuleka phokoso ndi kudikira. Mwambi umenewu ndinkaukonda pophunzitsa ana masamu ovuta, koma lero ndifuna tiulowetse m'nyumba, pamphasa pamene pagona khanda. Funso lake ndi ili: khanda likatha masiku angapo osachita chimbudzi, mayi achite chiyani? Ndasankha nkhaniyi chifukwa masiku ano kwabwera yankho latsopano limene likuyenda pakamwa pa amayi achitsikana kuyambira ku Namitete mpaka ku Nambuma, lakuti mwana akadzimbidwa mum'gulire madzi a m'botolo, aja amalembedwa kuti mineral water, mum'mwetse ndi kasupuni, m'mimba mudzafewa.

Mdzukulu wanga wina, amene anakwatiwa cha ku Mpingu, anafika pakhomo pano nkhope ili yakugwa, mwana wa miyezi iwiri ali kumsana, botolo la madzi lili m'manja. Atakhala pansi anati, “Agogo, mwanayu lero ndi tsiku lachisanu osachita chimbudzi. Anzanga akuti ndim'mwetse madzi awa, poti ndi oyera kuposa a pamjigo.” Agogo ake aakazi sanafulumire kuyankha. Anamasula mwana uja, nam'goneka pamiyendo, nagwira pamimba, ndipo anayamba kufunsa ngati akuyamwa bwino, ngati akukodza kawirikawiri, ngati akusanza kapena kutentha thupi. Mwanayo anali kuyamwa mwaphamphu, matewera ankanyowa monga mwa masiku onse, mimba inali yofewa, ndipo iye mwini ankangoponya timiyendo. Pamenepo agogowo anati, “Mwanawe, madziwo umwe ndiwe, mwanayu um'patse bere. Mawa ulawire kusikelo akamuone odziwa.” Kusikelo alangizi a zaumoyo ananena zomwezo, ndipo patapita masiku awiri chimbudzi chinabwera chokha, chofewa ndiponso chambiri.

Chimene agogowo ankadziwa mwa kulera ana ambiri, madokotala amachifotokoza motere. Mkaka wa m'mawere umagayika pafupifupi wonse m'thupi la mwana, kotero kuti zotsalira zimakhala zochepa. Khanda loyamwa bere lokha likapitirira masabata asanu ndi limodzi, likhoza kutha masiku angapo, mwina sabata yathunthu, osachita chimbudzi, koma lili bwinobwino. Ngakhale kudzikakamiza kuja, pamene khanda limafiira nkhope ndi kulira lisanachite chimbudzi, kawirikawiri si matenda. Mwanayo akungophunzira kugwiritsa ntchito minofu yake. Kudzimbidwa kwenikweni sikuwerengedwa ndi masiku, koma kumaoneka ndi chimbudzi chouma, cholimba, chotuluka ngati timibulu ta mbuzi, ndiponso chopweteka. Tsono mayi amene wawerenga masiku okha nathamangira kugolosale, nthawi zambiri akuchiza nthenda imene kulibe.

Makolo athu anali ndi mwambo wa chikuta. Mayi akabereka ankakhala m'nyumba ndi khanda lake mpaka mchombo utagwa, ndipo si aliyense amene ankaloledwa kulowa kapena kunyamula mwanayo. Ankanena za anthu otentha ndi anthu ozizira, ankaopa tsempho, ndipo ife ophunzira kusukulu tikhoza kuwafotokoza mwa njira ina mawu amenewo. Koma nzeru imene inali pansi pake ndi yoona mpaka lero: khanda ndi chinthu chanthete, ndipo za kunja zisafulumire kulifikira. Komabe sindingakunamizeni kuti zonse za kale zinali zolongosoka. M'midzi yathu munalinso chizolowezi chomwetsa khanda madzi onyikamo mizu, kulipatsa phala lamadzimadzi lisanakwane miyezi itatu, ngakhale kufinyira pansi mkaka woyamba wachikasu uja ati ndi woipa. Lero tikudziwa kuti mkaka woyambawo ndiwo katemera woyamba wa mwana, ndiponso ndi umene umathandiza kutulutsa chimbudzi choyamba chakuda chija. Choncho botolo la m'sitolo si mlendo kwenikweni. Ndi chikho chija cha mizu, changovala malaya a m'tauni.

N'chifukwa chiyani madzi, amene ndi moyo kwa ife akuluakulu, ali oletsedwa kwa khanda? Choyamba, mkaka wa m'mawere uli kale ndi madzi okwanira, pafupifupi magawo 88 pa magawo 100 alionse, kotero kuti ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mwana woyamwa mokwanira safuna madzi ena. Akamva ludzu, bere ndilo chitsime chake. Chachiwiri, kamimba ka khanda ndi kakang'ono kwambiri. Tsiku lobadwa kamadzaza ndi mkaka wongokwana kasupuni ka tiyi kapena kupitirira pang'ono. Madzi akatenga malo, mwana amayamwa pang'ono, ndipo bere losayamwidwa limachepetsa mkaka. Chachitatu, impso za khanda sizinakhwime. Madzi akachuluka amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo mwana akhoza kufooka, kukomoka, ngakhale kutisiya. N'chifukwa chake mu 2001 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa langizo lakuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, chimene kuno timachitcha kuyamwitsa mwakathithi. Mawu akuti mwakathithi atanthauza kuti popanda madzi, popanda tiyi, popanda phala, popanda uchi, kupatula mankhwala olembedwa kuchipatala. Kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV lamuloli ndi lolemera koposa, pakuti kusakaniza bere ndi zakumwa zina m'miyezi yoyambayi kumawonjezera mpata woti kachilomboko kalowe mwa mwana, pamene kumwa ma ARV mokhulupirika ndi kuyamwitsa mwakathithi kumam'teteza.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu anapeza kuti mu 2010 ana 71 mwa ana 100 alionse osakwana miyezi isanu ndi umodzi ankayamwitsidwa mwakathithi m'Malawi muno. Pofika mu kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 61. Mphunzitsi aliyense akaona kalasi yake yatsika chotero, amadziwa kuti pena pake palowa mphekesera yoposa phunziro.

Nanga mphekesera ya madzi a m'botoloyi inachokera kuti? Ili ndi kachoonadi kake, ndipo bodza lokhala ndi kachoonadi ndilo livuta kulizula. Ku Ulaya kuli akasupe ena amene madzi ake amatuluka pansi ali ndi michere yambiri. Ku France kuli madzi otchedwa Hépar, ochokera kudera la Vosges, amene mu lita imodzi muli mamiligalamu oposa 100 a magnesium ndi oposa 1,500 a sulphate. Michere imeneyi imakokera madzi m'matumbo ndi kufewetsa chimbudzi, ndipo anthu a kumeneko akhala akumwa madziwo akadzimbidwa. Nkhani zotere zimafika m'mafoni a ana athu kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, zitaduka mutu ndi mchira. Koma taganizani bwino. Ngati madzi ali ndi michere yokwanira kutsekula m'mimba mwa munthu wamkulu, ndiye kuti ndi mankhwala, ndipo ndi katundu wolemera kwa impso za khanda. Ngati alibe michere yotero, ndiye kuti ndi madzi wamba, ndipo sachiza kudzimbidwa. Njira zonse ziwiri khanda silipindula kanthu. Ku Britain a zaumoyo a NHS amalangiza makolo kuti asamagwiritse ntchito madzi a m'botolo popangira mwana mkaka wa m'chitini, ndipo kukakhala kuti palibe kuchitira mwina, asankhe okhala ndi sodium wosafika mamiligalamu 200 ndi sulphate wosapitirira mamiligalamu 250 pa lita, kenaka awawiritse ndithu, chifukwa kutsekeredwa m'botolo sikutanthauza kuti mulibe tizilombo.

Sindikuwadzudzula amayi amene amakhulupirira botolo. Tonse tikukumbukira kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022, nafalikira dziko lonse, natenga miyoyo ya anthu oposa 1,700. Boma lathu la Lilongwe linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri, mpaka mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Amene anaona zimenezo ali ndi chifukwa choopera madzi a pachitsime. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamsika pa Nsaru kapena pa siteji ya basi, si botolo lililonse lowala limene latuluka kufakitale; mabotolo ena amatoledwa, kutsukidwa ndi kudzazidwanso. Wogula madzi akumwa iye mwini ayang'ane ngati chitsekerero chili chosatsegulidwa ndiponso ngati pali chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Koma kwa khanda, chitetezo choposa zonse ku matenda otsekula m'mimba si botolo lodula ayi, ndi bere la amake.

Tsono mwana akadzimbidwadi tichite chiyani? Ngati sanakwane miyezi isanu ndi umodzi ndipo akuyamwa, mayi ayamwitse pafupipafupi, usana ndi usiku, bere limodzi lithe asanam'patse linalo. Akhoza kum'sisita pamimba mofatsa ndi kum'yendetsa timiyendo ngati wopalasa njinga. Ngati mwanayo akumwa mkaka wa m'chitini, umene umadzimbitsa kawirikawiri kuposa wa m'mawere, wopanga atsate muyeso wolembedwa pachitinipo, ayambe wathira madzi owiritsa kenaka ufa, osaonjezera ufa poganiza kuti mwana anenepa, ndiponso osachepetsa poganiza kuti chitini chikhalitse. Zija zolowetsa kachidutswa ka sopo kumalo kotulukira chimbudzi, kapena kupopera mwana madzi a zitsamba, zilekeke. Matumbo a khanda ndi ofewa ngati duwa la dzungu.

Mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, pamenepo khomo la madzi ndi chakudya latseguka, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene kudzimbidwa kwenikweni kumakonda kuyamba. Apatsidwe madzi owiritsa ndi kuziziritsa, pang'onopang'ono, m'kapu yoyera, uku akupitiriza kuyamwa kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira. Phala likhale la mgaiwa, lothira nsinjiro kapena soya, m'malo mwa la ufa woyera lokhalokha, pakuti gaga amene timapatsa nkhumba ndi amene amayendetsa m'mimba. Papaya lakupsa, mango, peyala, dzungu, mbatata ndi masamba ophika bwino n'kupota, zonsezi zili m'minda ndi m'madimba athu, ndipo mtengo wake sufika pa wa botolo limodzi.

Kudekha kumene ndikunenaku si kukhala manja lende. Pali zizindikiro zimene sizifuna kuti dzuwa lilowe. Khanda likatha masiku awiri chibadwire osatulutsa chimbudzi choyamba, mimba ikatupa ndi kulimba ngati ng'oma, likamasanza zobiriwira, m'chimbudzi mukaoneka magazi, likatentha thupi, likakana bere, likafooka kapena liwombo likalowa m'kati, nyamukani nthawi yomweyo. Pali ana ena amene amabadwa ndi mbali ya matumbo yosagwira ntchito, nthenda imene madokotala amaitcha Hirschsprung, ndipo imeneyo siimva madzi kapena mizu, imafuna opaleshoni. A ku Namitete muli ndi chipatala cha St Gabriel chimene chakhala chikutumikira anthu kuyambira 1959. A ku Kabudula muli ndi chipatala chanu. A ku Nambuma ndi madera ena muli ndi zipatala zing'onozing'ono ndi alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi. Nthenda ikakula, iwo adzakutumizani ku Kamuzu Central Hospital. Safunsa anadya phula.

Mawu anga otsiriza apite kwa ife agogo, apongozi ndi azibambo. Mayi wachitsikana sasankha yekha chimene khanda limwe. Kawirikawiri amamvera amake, apongozi ake, kapena mwamuna wake amene wabwera ndi botolo kuchokera kutauni monyadira kuti wasamala banja. Ngati ife tinena kuti mwana akulira ndi ludzu, mayiyo adzam'mwetsa madzi ngakhale anamva zina kusikelo, chifukwa safuna kuoneka wamwano. Udindo wathu tsono ndi waukulu. Bambo wofuna kuthandiza khanda agule chakudya cha mayi, atunge madzi, awaze nkhuni, kuti mayiyo apeze nthawi yokhala pansi ndi kuyamwitsa. Agogo wofuna kusunga mwambo asunge mtima wa chikuta, umene unali wotchinjiriza mwana ku za kunja, ndipo zina zimene zinapezeka kuti n'zovulaza azisiye popanda manyazi. Mwambo ndi wa anthu amoyo, ndipo m'mera mpoyamba.

Mukawerenga zimenezi, kawafotokozereni ena amene sadziwa kuwerenga, makamaka pamene amayi asonkhana kudzaona khanda latsopano. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Khalani bwino nonse. Ndine agogo anu.