Keke yooneka ngati chipisi

...ndiye ndili pano pa Ngara kudikira minibasi ya ku Karonga, fungo la usipa woyanika likubwera kuchokera kunyanja, mwana wa achemwali akundionetsa pafoni timakeke ta pa TikTok. Kuyang'ana koyamba ungati ndi baga ndi chipisi. Kuonetsetsa, nyama ija ndi keke ya chokoleti, letesi ndi kokonati wopaka zobiriwira, tomato sosi ndi aisingi yofiira. Chipisicho angodula keke m'timizere n'kuwotcha pang'ono kuti ifiirire. Anthu ali ndi nthawi, aise.

Mtsikanayu akuti ayesa Loweruka. Uvuni alibe. Amaphikira pa mbaula, mchenga wa kunyanja pansi pa poto, timakapu tachitsulo pamwamba pa mchengawo, makala pa chivundikiro. Zigumu zake zimapsa bwino ndithu, sindinganame. Koma aisingi ndi dzuwa la kuno? Mu Okutobala, pofika masana letesi ndi sosi zakhala phala limodzi.

Ine ndamuuza kuti za baga azisiye, sizachilendo kokha, ena kuno angafunse kuti n'chiyani. Apange yooneka ngati chipisi cha pa chiwaya, kabichi pambali ndi ka tsabola wa kambuzi. Kapena kondowole ndi usipa basi. Ndikuwaona kale agogo atasamba m'manja, atema mbamu, aika m'kamwa, n'kupeza shuga yekhayekha.

Inu anzanga, mutabwera ndi njala ya nsima wina n'kukupatsani zoterozo, mungaseke kapena mungakwiye?