Kodi mwana wa kumbuyo akumva?

Mkangano wa kaphunzitsidwe ka ana uli ndi mbali ziwiri zimene tonse tizidziwa. Ena amati njira yakale ndiye yeniyeni: aphunzitsi kutsogolo ndi coko m'manja, ana m'mizere, manotsi pa bolodi. Ena amati mwana wa masiku ano afunika tabuleti ndi intaneti. Nkhaniyi ikabwera pa pulogalamu imene ndimathandizako pa wailesi ya m'dera lathu, mafoni saleka kulira. Koma ine funso langa ndi lina: mwana wokhala pa desiki yothera kumbuyo, kodi akumva zimene aphunzitsi akukamba?

Nchito ya pa wailesi imaphunzitsa munthu kuganizira za mau. Tisanayambe pulogalamu timayamba tamvetsera cipinda, cifukwa uthenga ungakhale wabwino bwanji, ngati sunafike m'khutu ndiye kuti watayika. Tsopano ganizirani kalasi ya m'komboni. Pamwamba malata opanda siling'i, pansi simenti, zipupa zouma zobweza mau. Mvula ikayamba mu Novembala, congo ca pa malata cimameza mau onse. Mu Okutobala kutentha kumagonetsa ana masana. Aphunzitsi amakuwa mpaka mau kutha, ndipo mwana wa kumbuyo amangokopa zimene mnzake walemba, zolakwa ndi zolondola zomwe.

Kuyambira mu Januwale 2022, pamene maphunziro anakhala aulere mpaka ku sekondale, ana ambiri amene anali panyumba analowa m'kalasi. Ici n'cinthu cabwino. Caka comweco boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000, ndipo ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse. Zina mwa ndalamazi zinagula madesiki kuti mwana asakhalenso pansi. Koma taonani desiki imene timaidziwa: benci ndi tebulo zolumikizidwa ndi citsulo, yolema, yoyang'ana mbali imodzi cabe. Inapangidwira ana awiri, koma nthawi zambiri pamakhala atatu kapena anayi. Madesiki otere akadzaza cipinda, njira yopita kumbuyo imatsekeka, ndipo aphunzitsi amatsala kutsogolo ngati kondakitala woima pakhomo pa minibasi yodzaza.

Apa ndiye pali vuto. Silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025, ija inabweretsa Fomu 1, ifuna kuti mwana aziweruzidwa ndi zimene angathe kucita, osati zimene waloweza pamtima cabe. Izi zifuna kukambirana m'magulu ndi kugwira zinthu ndi manja. Nanga gulu lipangika bwanji pamene mwana sangathe ngakhale kutembenuka? Tikamaimba mlandu aphunzitsi kuti akali kuphunzitsa mwacikale, tikumbukire kuti cipinda cimene anapatsidwa ndico cimawauza kaphunzitsidwe.

Muno m'Zambia tili kale ndi zitsanzo zoonetsa kuti njira yabwino siyembekeza magetsi. Mu 2016 Unduna wa Zamaphunziro unayamba kuyesa pulogalamu ya Catch Up, imene nzeru yake inacokera ku bungwe la Pratham ku India, ndipo inakula kwambiri ku Eastern ndi ku Southern Province. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amayesedwa mmodzimmodzi, kenako amaikidwa m'magulu molingana ndi pamene afika: odziwa zilembo cabe paokha, owerenga mau paokha, owerenga nthano paokha. Masamu amaphunzira ndi timitengo tomanga m'mitolo, ndipo nthawi zina amalemba ndi coko pansi. Cofunika cacikulu pamenepa ndi malo oti ana akhale mozungulira ndiponso mphunzitsi afike kwa aliyense.

Citsanzo cina cili pafupi ndi mtima wanga. Mu 2000 kunayamba maphunziro a pa wailesi ochedwa Learning at Taonga Market, a ana amene analibe malo ku sukulu. Anali kukumana m'machalichi kapena pansi pa mtengo, ndi wailesi imodzi ndiponso munthu wodzipereka wowatsogolera. Mau a mu wailesi anali kufunsa funso n'kukhala cete, kusiya mpata woti ana ayankhe, aimirire, aimbe. Mpata umenewo ndiwo unali cinsinsi. Mphunzitsi amene sangaone ana ake anadziwa kuti mwana amaphunzira pamene iye mwini akuyankha.

Sindikukana makompyuta. Wacinyamata wosadziwa kompyuta adzavutika kupeza nchito, ndipo ine zambiri za pulogalamu yanga ndimakonzera pa foni. Koma tonse tikumbukira 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambiri tsiku lililonse. Kalasi yodalira magetsi tsiku lotero imatseka. Kalasi ya mawindo aakulu mbali zonse ziwiri imapitiriza. Conco ndalama zikacepa, ine ndingayambe ndi siling'i, mawindo olowetsa kuwala ndi mphepo, matebulo opepuka ndi mipando yosalumikiza imene mwana wa Giredi 2 anganyamule, bolodi ina ku cipupa ca kumbuyo, ndi khonde kapena mitengo ya mthunzi yoti gulu limodzi lizikhala panja. Matabuleti abwere pambuyo pake. Zambiri mwa izi akalipentala ndi oocherera zitsulo a m'makomboni mwathu angapange, ndipo ndalamazo zingatsale kwathu komweko.

Acinyamata anzanga, mapulojekiti a CDF amayambira ku Ward Development Committee ya m'dera lanu, ndipo sukulu iliyonse ili ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Ambiri a inu ndinu amene mumaperekeza mng'ono wanu ku sukulu ndi kumuthandiza homuweki usiku. Mukamva kuti kukumangidwa buloko yatsopano ya makalasi, pitani ku msonkhano. Musafunse cabe kuti madesiki ndi angati. Funsani ngati angasunthike, ngati padzakhala siling'i, ndiponso ngati anafunsako aphunzitsi amene adzaima m'cipindaco zaka 20 zikubwerazi. Pulani ikali pa pepala ingasinthidwe. Simenti ikauma, mng'ono wanu adzakhala mmenemo mmene mulili.