Tinakaona Pamene Panapsa Mabuku ku Cape Town

Ambiri a ife kunyanja kuno tili ndi mwana kapena mphwathu amene akugwira ntchito ku Cape Town. Ife titapita kukazonda wathu, tinamupempha kuti asatizunguze m'masitolo mokha, koma atikwezenso kuphiri, ku sukulu ya ukachenjede ya University of Cape Town, kumene kunagwa ngozi ya moto imene tinangoimva pa wailesi.

Sukuluyi ili m'mbali mwa phiri la Devil's Peak, ndipo masitepe ake ngoti munthu wa nyamakazi akwere mopumira. Pamwamba pakepo mpamene pali Jagger Library, nyumba ya mabuku yomangidwa m'zaka za m'ma 1930. Dzinali ndi la J.W. Jagger, wamalonda amene anathandiza sukuluyi ndi chuma chake. Poyamba inali laibulale yaikulu ya ophunzira onse, koma pambuyo pake anaipatula kuti izisunga zinthu zosowa: mabuku okamba za Africa, nyuzipepala zakale, timapepala ta zipani, mapu ndi makalata olembedwa pamanja.

Lamulungu pa 18 April 2021, mwezi wa Ramadhan utangoyamba kumene, moto unabuka kuphiri ndipo mphepo inauluzira malawi padenga la nyumbayi. Chipinda chowerengeramo chinapseratu. Mabuku ndi zosindikiza zina pafupifupi 70,000 zinawonongeka, pamodzi ndi mafilimu a mu Africa okwana ngati 3,500. Zitseko zotchinga moto zinateteza zipinda zapansi, koma tsono madzi ozimitsira motowo anatsikira komweko. Ife odziwa za kusefukira kwa nyanja tikudziwa kuti pepala likanyowa, nkhungu siichedwa.

Chimene chinatigwira mtima ndi ichi. Anthu odzipereka oposa 2,000 anandanda pamzere kwa masabata angapo, kupatsirana mabokosi oposa 10,000 kuchokera pansipo, monga timachitira pokoka khoka. Mapepala onyowa anawaika m'mafiriji kuti aume gwa, kudikira akatswiri oti adzawaumitse pang'onopang'ono. Mwa zimene zinapulumuka muli makope a Bleek ndi Lloyd, mmene analembamo nthano ndi chilankhulo cha anthu a mtundu wa San m'zaka za m'ma 1870.

Ife tinapeza makoma ali chiimire. Zopulumukazo anazisamutsira kwina, ndipo sukuluyi inayitana anthu kuti apereke maganizo pa za mmene nyumbayi ingadzakhalire. Kumanga khoma si nkhani yovuta kwa sukulu yotere. Ntchito yeniyeni ndi yojambula tsamba ndi tsamba kuika pa kompyuta, ndiponso kufunafuna kwa anthu ena makope a mabuku amene anapsa. Buku limene linali lokhalokha padziko, limenelo ndiye lapita.

Titatsika tinakaswali ku Auwal Mosque, mumsewu wa Dorp ku Bo-Kaap, mzikiti woyamba m'dziko la South Africa, wa m'chaka cha 1794. Imamu wake woyamba, Tuan Guru wa ku Tidore, anabwera naye ku Cape ngati mkaidi mu 1780, ndipo analemba Qur'an yonse kuchokera pamtima. Kope limodzi analipeza kudenga kwa mzikitiwu m'zaka za m'ma 1980 pokonza nyumba, litakhala kumeneko osadziwika kwa nthawi yaitali. Alhamdulillah kuti mvula ndi moto sizinalipeze msanga kuposa amisiri.

Tili m'basi pobwerera tinakumbutsana kuti kwathu kunonso laibulale ya Mzuzu University inapsa mu December 2015. Koma mtima unali pa sutikesi yachitsulo ya malemu agogo athu, amene anali mwalimu wa madrasa. Titafika tinaitulutsa kunsi kwa bedi. Munali ma kitabu anayi, ndi kope limene analembamo mayina a ophunzira awo ndi a mashehe amene anawaphunzitsa, m'zilembo za Chiarabu koma mawu ake a Chiyao ndi Chiswahili. Njenjete zinali zitadya kale ngodya za masamba oyamba, ndipo dzina limodzi silikuwerengekanso.

Mdzukulu wathu wajambula masamba onse pa foni, ndipo tatumiza zithunzizo kwa abale a ku Mangochi, ku Nkhotakota ndi ku Cape Town komwe. Lachisanu likudzali, Insha Allah, tikatuluka ku Jumu'a tikawaonetsa akuluakulu a pamzikiti, mwina wina nkukumbukira dzina lodyedwalo.