Kompyuta Yogona ndi Bolodi la M'kalasi

M'chaka cha 2017 tinatumizidwa, aŵiriŵiri, kukayeserera uphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Chipyela, pachilumba cha Likoma, paja pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903. Masiku amenewo magetsi a pachilumbapo ankachokera ku majenereta a dizilo, ndipo usiku ankazimitsidwa. Mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu munali kompyuta imodzi yapatebulo, yopanda batire.

Tsiku lina tinapatsidwa ntchito yotayipa mayeso okonzekera a Sitandade 8, kuti m'maŵa mwake apite pa sitima ya Ilala kukasindikizidwa ku Nkhata Bay. Tinatayipa kufikira dzuŵa litaloŵa. Titatopa tinadina pamene palembedwa Sleep, sikirini inada, ife nkukagona mitima ili m'malo. Kutacha tinapeza tsamba limodzi lokha, lija tinasunga masana. Sitima inapita, ndipo ana analemba mayeso awo atachedwa sabata yathunthu. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Kodi chinachitika nchiyani? Ntchito imene munthu akugwira pakompyuta imakhala mu RAM, malo amene amakumbukira pokhapokha magetsi akuyenda. Zimene zasungidwa ndizo zimakhala pa disiki, yomwe siiŵala ngakhale magetsi athime. Kapitao wa zonsezi ndi operating system, monga Windows kapena Linux. Munthu akadina Sleep, kapitaoyu amaimitsa mapologalamu, nazimitsa sikirini, disiki ndi purosesa, koma RAM amaisiyira kamphamvu kochepa kuti isataye kanthu. Nchifukwa chake kompyuta yogona imadzuka m'kamphindi. Koma kamphamvuko kakadukiza, zonse zimafufutika, monga zinatichitikira ife.

Hibernate ndi njira ina. Apa kapitao amayamba wakopera zonse za mu RAM nkuziika pa disiki: mu Windows zimaloŵa m'fayilo yotchedwa hiberfil.sys, mu Linux zimaloŵa mu swap. Akatha amazimitsa kompyuta yonse. Poyatsanso amaŵerenga zimene anakoperazo nkubwezera chilichonse pamene chinali. Zimatenga nthaŵi yotalikirapo, koma ngakhale papite mwezi ntchito imapezeka ili bwinobwino. M'malamulo a ACPI, amene anatuluka mu 1996, njira ziŵirizi zimatchedwa S3 ndi S4. Windows ilinso ndi Hybrid Sleep yophatikiza zonse ziŵiri, koma pakompyuta ija inali yotseka.

Titamvetsa zimenezi tinafuna kuti ana athu azimvetsenso, ngakhale ambiri anali asanagwirepo kompyuta. Tinalemba samu pabolodi nkuileka pakati. Tinaŵafunsa kuti, "Tikatuluka kukapuma mphindi khumi, samuyi tiitani?" Anayankha kuti tiisiye pomwepo, mtsogoleri wa kalasi ayang'anire kuti wina asafufute. Tinafunsanso, "Nanga likakhala Lachisanu madzulo?" Mtsikana wina anaimika mkono nati, "Aphunzitsi, tiikopere m'kope, Lolemba tidzailembenso pabolodi." Pamenepo tinaŵauza kuti bolodi ndiye RAM, kope ndiye disiki; yankho loyamba ndi Sleep, lachiŵiri ndi Hibernate. Panalibe mwana amene anasokonezanso mawu aŵiriŵa.

Mu 2020 chilumba cha Likoma chinalandira magetsi a mphamvu ya dzuŵa, koma kusukulu zambiri kumene mudzatumizidwe magetsi ngosadalirika. Tsono anzathu, mukachoka pakompyuta kanthaŵi kochepa, Sleep njokwanira. Mukamaŵeruka, kapena mukakayika za magetsi, sankhani Hibernate. Laputopu yogona nayo imamwa batire pang'onopang'ono, choncho musaigoneke masiku ambiri. Koposa zonse, yambani mwasunga ntchito yanu musanadine chilichonse. Ndipo pophunzitsa chinthu chimene ana sangachione ndi maso, yambani mwayang'ana m'kalasi mwanu momwemo. Ife chipangizo chophunzitsira tinachipeza chili pakhoma, choko chili m'manja.