Selo Lopanda Kwawo

Maselo ambiri a m'thupi mwathu sangakhale moyo popanda pogwira. Richard Hynes, wasayansi wobadwira ku Nairobi mu 1944, anatha zaka zambiri akufufuza timapuloteni tomwe timamangirira selo pamalo pake. Gulu lake linatcha timapulotenito integrin mu 1986, ndipo mu 2022 iye, Erkki Ruoslahti ndi Timothy Springer analandira mphoto ya Lasker. Timeneti ndi tomwe timathandiza magazi kuundana pabala, komanso maselo oteteza thupi kukakamira kukhoma la mtsempha popita kukalimbana ndi matenda.

Selo likatayana ndi pogwira pake limafa. Imfayo amaitcha anoikis, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kusowa kwawo. Pa ntchito yanga yomasulira, mawu amenewa sandivuta. Ndinakulira m'komboni ya pafamu ya fodya ku Mashonaland, komwe agogo anafika kuchokera ku Nyasaland. Eni dziko ankatitcha Mabhurandaya. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, ambiri tinatsala opanda ntchito, opanda munda, ndipo lamulo la unzika la 2001 linatisiya opanda dziko.

Asayansi anapezanso kuti integrin sikuti imangogwira. Imatumiza uthenga m'kati mwa selo woti lili pamalo pake, lipitirize moyo. Kwa ife uthengawo unkachokera ku ng'oma za Gule Wamkulu ndi ku Chichewa cha amayi. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anatibwezera unzika, koma ana a achemwali anga ndikawalankhula amandiyankha m'Chishona. N'chifukwa chake makalata awo ndimawalemba m'Chichewa.