Madzi Saiwala Khwawa

Gitala yanga ndinaigulitsa m'chaka cha 1986 kuti ndipeze ndalama yobwerera kwathu kwa Mpama. Kwa zaka zisanu ndinakhala ndikuimba m'mabala a ku Limbe, ndikutsanzira nyimbo za rock za gulu la WITCH la ku Zambia, koma chomwe ndinatolako ndi ngongole ndi mawu osasa basi. Bambo anga atandiona ndikutsika basi ndi kachikwama kamodzi anangoti, "Nyimbo zija zatha, mwana wanga?" Tsiku lomwelo ndinalumbira kuti sindidzaimbanso.

Ndinakachita maphunziro a uphunzitsi n'kuyamba ntchito pasukulu ina m'dera lathu lomweli. Aphunzitsi aakulu anandipatsa gulu la zisudzo poti anamva kuti ndinazolowera kuima pamaso pa anthu. Ana ankaloweza mawu bwinobwino, koma sewero linkatuluka lozizira ngati mkute, moti oonera ankayamba kucheza zawo lisanathe.

Chinanditsegula maso ndi filimu ya Sarafina! ya m'chaka cha 1992, yomwe ndinaonera m'kanyumba ka vidiyo ku Limbe. Pofufuza ndinamva kuti mwini sewerolo, Mbongeni Ngema wa ku South Africa, analowa m'zisudzo ngati woimba gitala kumbuyo kwa ochita sewero. Pambuyo pake analowa gulu la Gibson Kente komwe anakumana ndi Percy Mtwa, ndipo awiriwa pamodzi ndi Barney Simon anapanga sewero la Woza Albert! mu 1981. Sarafina!, lonena za ana asukulu a ku Soweto omwe anaukira ulamuliro watsankho mu 1976, linayamba kuonetsedwa ku Market Theatre mumzinda wa Johannesburg mu 1987, chaka chomwe kuno kwathu Du Chisiza Jr. anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Mu 1988 linakafika ku Broadway, ku New York.

Chomwe chinandikhudza si kutchukako ayi, koma kuti munthuyu sanataye uyimbi wake pakhomo la zisudzo. Analowa nawo. Ine wanga ndinkaubisa ngati chilonda.

Nditabwerera kusukulu ndinayamba kuphunzitsa ana ndi khutu la woimba. Ndinkaomba m'manja kuti aliyense adziwe polowera, pokwezera mawu ndi popumira. Ndinawauza kuti kukhala chete nako ndi mawu, monga ng'oma imaleka pang'ono kuti wovina amveke phazi. Tinakonza sewero la mtsikana wamasiye yemwe abale a bambo ake anamulanda katundu yense maliro asanazizire. Pamene ankamuchotsera mphasa yomaliza, ndinafuna nyimbo ya maliro, koma ana sankaigwira. Ndinaphwanya lumbiro langa n'kuitsogolera ndekha.

Tsiku loonetsa, bwalo lonse linangoti zii, amayi ena akupukuta misozi ndi zitenje. Bambo anga anali atakhala kumbuyo, ndodo ili pamiyendo. Titatha anandiitana n'kunena motsitsa, "Kani nyimbo zija zinalipobe?"

Ngema anamwalira pangozi ya galimoto pa 27 Disembala 2023, ine nditapuma kale pantchito, bambo nawo atagona kalekale. Sitinaonanepo, koma anandibwezera chomwe ndinkayesa kuti ndinagulitsa pamodzi ndi gitala ija. Akuluakulu sananame: madzi saiwala khwawa.